Kugula jekete la chigoth la kasokedwe ka nthawi ya Victoria: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ofuna kugula jekete lotere koyamba, makamaka ogula pa intaneti asanaligwire ndi manja. Ngati mukudziwa kale mitundu yake, dumphirani ku mafunso a saizi ndi mapewa, chifukwa ndalama za anthu ambiri zimathera pamenepo.

Kodi jekete limeneli ndi lotani kwenikweni?

Ndi jekete losokedwa masiku ano, koma motengera zovala za ku Britain za nthawi imene Mfumukazi Victoria ankalamulira, kuyambira 1837 mpaka 1901. Limagwira thupi kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, kenako n'kutambasuka kumunsi. Kolala imakhala yaitali, mabatani ambiri, ndipo mtundu wake nthawi zambiri ndi wakuda, ngakhale ofiira moderako, apepo ndi obiriwira moderako amapezekanso.

Kavalidwe ka chigoth kanabadwira ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, pakati pa achinyamata okonda nyimbo zimene zinabwera mtundu wa nyimbo wotchedwa punk utazilala. Kalabu ya Batcave, yomwe inatsegulidwa ku Soho mu London mu 1982, ndi amodzi mwa malo amene kavalidweka kanakulira. Si agoth onse amavala za nthawi ya Victoria. Ena ndi a zikopa ndi maunyolo, ena a nsapato zazitali ndi mitundu yowala. Tikukamba pano ndi nthambi imodzi chabe, ya anthu okonda veleveti, leisi ndi majekete aatali.

N'chifukwa chiyani pafupifupi onse amakhala akuda?

Mwamuna wa Victoria, Prince Albert, anamwalira mu Disembala 1861, ndipo mfumukaziyo inavala zakuda mpaka imfa yake, zaka pafupifupi 40. Nthawi imeneyo kulira maliro kunali ndi malamulo ake a kavalidwe. Mkazi wamasiye wa m'banja lopeza bwino ankayembekezeka kuvala zakuda kwa zaka ziwiri kapena kupitirirapo. Kampani ya Courtaulds inalemera ndi nsalu yakuda ya maliro, ndipo tauni ya Whitby inatchuka ndi mikanda ndi ndolo za mwala wakuda wotchedwa jet. Amuna nawo jekete lakuda lofika m'mawondo linali la kuntchito ndi kutchalitchi.

Koma musaganize kuti anthu a nthawiyo ankangoyenda ali bii. William Perkin atatulukira utoto wapepo wopangidwa ndi mankhwala mu 1856, akazi anayamba kuvala mitundu yowala kwambiri. Agoth anangosankhapo mbali ya maliroyo. Kwathu kuno, komwe zakuda zokhazokha zimanenabe za zovuta, musadabwe mayi wina atakuimitsani pamsewu n'kunena kuti, "Pepani bambo, kwagwanji?"

Pali mitundu yanji, ndipo woyamba kugula ayambe ndi uti?

Wofala kwambiri ndi frock coat. Limafika m'mawondo, lili ndi msoko wopingasa m'chiuno, kumbuyo lili ndi mpata ndi mabatani awiri pamwamba pa mpatawo. Tailcoat ndi lalifupi kutsogolo, lolekezera m'chiuno, koma kumbuyo lili ndi michira iwiri. Lachisilikali limakhala ndi kolala yoimirira ndi zingwe zoluka zopingasa pachifuwa, zotengera yunifolomu ya asilikali okwera pamahatchi otchedwa hussar. A akazi ambiri ndi aafupi, othina kwambiri m'chiuno, ndi kansalu kotambasuka pamwamba pa matako. Ena kumbuyo amakhala ndi nsalu yochuluka yopindapinda, kukumbukira madiresi otukumuka kumbuyo a m'ma 1870 ndi 1880, ndipo ena mikono yake ndi yotupa paphewa n'kuthina kuyambira pachigongono, monga inalili pakati pa zaka za m'ma 1890.

Woyamba ayambe ndi frock coat lakuda losachuluka zokongoletsa. Limavalika ndi thalauza wamba, siketi kapena jinzi, ndipo telala akhoza kulikonza mosavuta. Tailcoat ndi lovuta. Likafupika pang'ono, malaya amasuzumira pakati pa jekete ndi thalauza, choncho limafuna thalauza lofika pamchombo ndi wesikoti. Ambiri amazindikira zimenezi litafika kale.

Ndigule lakale lenileni la m'zaka zimenezo?

Ngati n'losunga, inde. Ngati n'lovala, ayi. Nsalu ya zaka zoposa 120 ikhoza kung'ambika mukangotukula mkono. Silika wambiri wa kumapeto kwa nthawiyo ankamuthira mankhwala kuti alemere, ndipo lero amathetheka yekha m'mizere. Komanso majekete a akazi ankasokedwa kuti avalidwe pamwamba pa koseti, chovala cha mkati chomanga chiuno mothina, ndiye chiuno chake ndi chaching'ono kwambiri kwa thupi losamangidwa. Mukafuna kuona mmene enieniwo ankasokedwera, Victoria and Albert Museum ya ku London inaika zithunzi za zovala zake zambiri pa intaneti. Kuziyang'ana bwino kumathandiza kuzindikira jekete labwino pakati pa zachabechabe.

Wogulitsa akanena kuti lake ndi la m'ma 1800 koma lili ndi zipi, akunama kapena linakonzedwa pambuyo pake. Zipi inayamba kufala pa zovala m'ma 1930.

Amagulitsa kuti?

Amene muli ku Britain muli ndi mwayi woyesa musanalipire. Ku Camden mu London kuli mashopu a zovala zotere. Chikondwerero cha agoth cha Whitby Goth Weekend, chimene chinayamba mu 1994 ndipo chimachitika kawiri pachaka, chimakhala ndi msika wa ogulitsa ambiri malo amodzi. Ku Germany kuli chikondwerero china cha agoth, Wave-Gotik-Treffen, mu mzinda wa Leipzig, chomwe chinayamba mu 1992 ndipo chimachitika nyengo ya Pentekosite.

Pa intaneti mudzakumana kwambiri ndi mayina ngati Punk Rave ndi Devil Fashion, a ku China, Killstar ya ku Britain, Restyle ya ku Poland ndi Shrine ya ku Los Angeles. Pa Etsy pali atelala osoka motsatira miyezo yanu. Ovalidwapo kale amapezeka pa eBay, Vinted ndi Depop, nthawi zambiri pamtengo wotsika chifukwa mwini wake linamuthina.

Kwa amene muli ku Malawi kapena ku Zambia, musanyoze kaunjika. Jekete la chigoth lenileni silipezeka kawirikawiri, koma majekete aatali a ubweya wa nkhosa ndi a veleveti amatuluka m'mabelo, makamaka nyengo yozizira ikamayandikira. Lotere likakukwanani m'mapewa, telala akhoza kulibweza m'chiuno, kusintha mabatani ndi kuika zingwe zoluka. Nsalu yake imaposa ya majekete ambiri atsopano otsika mtengo.

Ndimavala saizi M. Ndingoitanitsa M?

Ayi. Chilembocho chilibe tanthauzo limodzi. M wa kampani ya ku China kawirikawiri amakhala wamng'ono kuposa M wa ku America, ndipo ngakhale kampani imodzimodziyo majekete ake awiri akhoza kusiyana. Manambala nawo amasokoneza. Jekete la amuna la 40 ku Britain limatanthauza chifuwa cha mainchi 40, pafupifupi masentimita 102, ndipo ku Germany kapena ku Italy limeneli ndi 50. Kwa akazi, 12 ya ku Britain ndi pafupifupi 8 ku America ndi 38 kapena 40 ku Germany.

Yang'anani tebulo la miyezo la jekete lenilenilo, osati la shopu yonse. Kenako fufuzani chinthu chimodzi chimene ambiri amachiphonya: kodi manambalawo ndi a thupi la munthu kapena a jekete? Tebulo likanena kuti chifuwa ndi masentimita 100 ndipo ndi muyezo wa jekete, munthu wa chifuwa cha 100 salowamo. Pamafunika mpata wa masentimita 6 mpaka 10 kuti mupume ndi kuvala malaya mkati. Ngati sanalembe, funsani wogulitsa. Amene sakuyankha funso limeneli musamupatse ndalama.

Ndidziyeza bwanji?

Pezani tepi ya telala ndi munthu wokuthandizani, chifukwa kumsana simungadziyeze nokha. Valani zimene mudzavale mkati mwa jekete: malaya, wesikoti, kapena koseti ngati mumavala. Imani mmene mumaimira masiku onse, osatukumula chifuwa kapena kubweza mimba.

Chifuwa yezani pamene pali potakata kwambiri, tepi itadutsa m'khwapa ndipo ili yowongoka kumsana. Chiuno si pamene pamakhala lamba wa jinzi. Pendekerani kumbali, pamene thupi lapindika ndi pomwepo, pamwamba pang'ono pa mchombo. Mapewa yezani chakumbuyo, kuchoka pa fupa la nsonga ya phewa lina kufika pa linzake. Mkono uyambire pa fupa lomwelo mpaka pa kafupa ka padzanja, chigongono chitapindika pang'ono. Pomaliza yezani kuchoka pa fupa lotuluka la kumbuyo kwa khosi kutsika mpaka m'chiuno. Muyezo umenewu anthu amauiwala, koma pa majekete awa ndi wofunika zedi, monga muonere kutsogoloku pa funso la msoko wa m'chiuno.

Njira ina yodalirika ndi kutenga jekete limene muli nalo kale lokukhalani bwino, kumanga mabatani, kuliyala patebulo, n'kuyeza kuchoka kukhwapa lina kufika linzake. Ogulitsa zovalidwapo kale amayeza chonchi, ndiye mumangofananiza. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Lafika. Ndiyambe kuyang'ana pati kuti ndidziwe ngati landikwana?

Mapewa. Musayambe ndi mabatani kapena kutalika. Jekete lonse limalendewera pamapewa, ndipo apa pakalakwika palibe china chingakhale bwino.

Valani, imani cham'mbali pafupi ndi khoma, n'kusendera pang'onopang'ono. Ngati nsonga ya phewa la jekete yagunda khoma mkono wanu usanagunde, n'kupindika, jeketelo ndi lalikulu. Pagalasi mudzaona kadzenje pansi pa msoko wa phewa, pamene nsalu yagwera mkati chifukwa mulibe thupi, ndipo munthu amaoneka ngati wabwereka la amalume. Likakhala laling'ono, msoko umakwera cha kukhosi, mnofu wa mkono umatukumula nsalu, ndipo kumsana, pansi pa kolala, pamabwera makwinya opingasa okokeka.

Onaninso kolala kumbuyo. Iyenera kugona pa kolala ya malaya, osasiya mpata. Kolala yoimirira ya jekete lachisilikali ilole zala ziwiri kulowa itamangidwa, ndipo isakubayeni pachibwano mukawerama kuti muwerenge foni.

Mikono yotupa paphewa ili ndi lamulo lake. Msoko wake umakhala chamkati pang'ono dala, kuti kutupako kuime pamwamba pa fupa. Musaganize kuti lachepa. Likakhala lalikulu, kutupako kumagwera m'mbali n'kufota.

Mukatsimikiza za mapewa, mangani mabatani. Nsalu ikakokeka kuchoka pa batani kupita mbali zinayi, lathina. Dzanja lotambasula lilowe pakati pa chifuwa ndi jekete, koma chibakera chisalowe momasuka. Kenako khalani pampando, tambasulani manja kutsogolo ngati mukugwira chiwongolero, nyamulani kapu kufika pakamwa. Jekete lotere silikhala lomasuka ngati juzi, mudzalimva kumsana, koma lisakulepheretseni zimenezi.

Nanga msoko wa m'chiuno ndi kutalika kwake?

Apa ndi pamene jekete la nthawi ya Victoria limasiyana ndi la suti. La suti nsalu yake imatsika yosaduka kuchoka paphewa, pamene frock coat ndi tailcoat zili ndi thunthu ndi chakumunsi zolumikizidwa ndi msoko. Msoko umenewo uyenera kukhala pachiuno chanu chenicheni kapena kutsikirapo pang'ono. Ukatsika kwambiri, nsalu imaunjikana kumsana pamwamba pa matako, ndipo miyendo imaoneka yaifupi. Ukakwera kwambiri, chakumunsi chimayamba kutambasuka pa nthiti, ndipo mpata wa kumbuyo umayasama. Anthu aafupi ndi aatali kwambiri ndi amene amavutika, chifukwa makampani ambiri akamakulitsa saizi amawonjezera m'mbali kuposa m'litali.

Mpata wa kumbuyo ukhale wotseka mukaima. Ukatseguka, m'matako mwathina ngakhale chifuwa chili bwino. Kutalika kwa frock coat kukhale pamwamba pang'ono pa bondo kapena pabondo penipeni. Michira ya tailcoat ilekezere kuseri kwa mawondo.

M'khwapa mukundigwira. Ndiye kuti lachepa?

Osati nthawi zonse. Majekete a kalelo ankadulidwa mokwera m'khwapa, ndipo osoka abwino amatsatirabe zimenezo. Zimamveka zachilendo tsiku loyamba, koma ubwino wake ndi wakuti mukakweza mkono, jekete lonse silikwera nawo. Yesani. Ngati mwakweza dzanja kufika pamutu ndipo m'munsi mwa jekete mwangosuntha pang'ono, ladulidwa bwino. Lachepa pokhapokha ngati msoko ukukudyani mnofu manja ali pansi, kapena dzanja likuchita dzanzi.

Mkono ulekezere pa kafupa ka padzanja kuti malaya aonekere pang'ono. Ngati malaya anu ali ndi leisi kumapeto, mkono wofupikirapo ndi wabwino. Mikono yotambasuka kumapeto imasokedwa yaitali dala, mpaka pakati pa chikhatho.

Ndine mayi wa chifuwa chachikulu ndi chiuno chaching'ono. Nditsatire muyezo uti?

Tsatirani chifuwa ndi mapewa, chiuno adzabweza telala. Sankhani jekete lokhala ndi misoko yotsika kuchoka paphewa kapena m'khwapa kudutsa pabere, chifukwa misoko imeneyi ndi imene imapatsa telala pogwira. Mpata ukamatseguka pakati pa mabatani a pachifuwa, kabatani kobisika kamathandiza ngati mpatawo ndi waung'ono. Ukakhala waukulu, saizi yachepa basi.

Majekete ambiri a akazi ali ndi zingwe zomanga kumsana. Zimabweza chiuno ndi masentimita angapo, koma sizikulitsa jekete, ndipo si koseti. Mukazikoka mwamphamvu timphete take timazuka pansalu. Amayi a matako aakulu asankhe lokhala ndi chakumunsi chotambasuka kwambiri, osati lowongoka. Palibenso choletsa mayi kugula la amuna ngati mapewa akwana, kungoti mabatani amamangira mbali ina.

Ndingadziwe bwanji pa chithunzi chokha kuti ndi labwino?

Funani chithunzi cha kumbuyo ndi cha mkati. Wogulitsa woonetsa kutsogolo kokha ali ndi chimene akubisa. Pa zithunzi zambiri jekete amalitsina ndi zopanira kumsana kwa wovalayo kuti chiuno chioneke chodulidwa bwino, ndiye zithunzi za ogula anzanu, zojambulidwa m'chipinda ndi foni, zimanena zoona kuposa za kampani. Kuzani chithunzi pa mabowo a mabatani: ulusi ukhale wothithikana, wosanyenyeka. Maluwa a pansalu akumane bwino pa msoko wa pakati pamsana. Onani ngati matumba ndi enieni ndiponso ngati lili ndi laining'i, nsalu ya mkati, thupi lonse ndi m'mikono.

Chenjerani ndi masamba amene amaba zithunzi za osoka ena n'kugulitsa pamtengo wotsika modabwitsa. Chimene chimafika ndi kansalu kopyapyala kosindikizidwa maluwa ndi mabatani ojambula. Ikani chithunzicho pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi, muone kumene chinachokera.

Nsalu yabwino ndi iti?

Ubweya wa nkhosa ndi umene umagwa bwino ndi kukhalitsa, koma ndi wodula ndi wotentha. Veleveti wa thonje ndi wolemera, wakuda kwenikweni, ndipo sanyezimira mopitirira. Veleveti wa poliyesita wotamuka amawala ndipo sagwira maonekedwe a jekete. Nsalu ya maluwa oluka, imene amalemba kuti brocade kapena jacquard, imaoneka bwino ngati maluwawo ndi olukidwa m'nsalu momwemo. Mukaitembenuza mudzaona ulusi wake kuseri. Siitamuka ngakhale pang'ono, choncho musagule yothina poganiza kuti idzamasuka.

Chikopa chabodza pa kolala kapena m'mikono chimasupuka pakapita zaka zochepa, msanga kwambiri kumalo otentha, ndipo chikayamba palibe mankhwala. Laining'i ya viscose imapuma kuposa ya poliyesita.

Telala angakonze ziti, ndipo sangakonze ziti?

Zosavuta ndi kubweza m'chiuno ndi m'mbali, kufupikitsa mikono yopanda zokongoletsa, kufupikitsa m'munsi ndi kusintha mabatani. Kungochotsa mabatani apulasitiki n'kuika achitsulo kumasintha jekete lotsika mtengo kwambiri. Kukulitsa kumadalira nsalu yotsala m'misoko, ndipo majekete a m'fakitale amasiya yochepa. Pa veleveti, mzere wa msoko wakale umaonekabe mukamasula.

Zovuta ndi mapewa, m'khwapa ndi kusuntha msoko wa m'chiuno, chifukwa pamafunika kuphwasula pafupifupi jekete lonse. Mkono wokhala ndi zingwe zoluka kapena mabowo enieni a mabatani amaufupikitsira kuphewa, ntchito yofuna telala wa masuti, osati aliyense wa pakhonde. Mufunseni kuti, "Abwana, munasokapo jekete la laining'i?" ndipo akuonetseni limene anasoka. Ngati alipo wotere pafupi, kumupatsa zithunzi za kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali kuti asoke latsopano kumaposa kuitanitsa kunja. Ayambe wasoka loyesera pa nsalu yotsika mtengo musanadule veleveti.

Likapanda kundikwana ndingabweze?

Ku Britain ndi m'mayiko a European Union, wogula pa intaneti kwa wamalonda ali ndi masiku 14 chilandirireni katundu oti anene kuti akubweza. Lamuloli silikhudza zosokedwa motsatira miyezo yanu, kapena zogula kwa munthu wamba amene akugulitsa chovala chake. Ndalama yotumizira pobweza nthawi zambiri imakhala yanu, ndipo kuchoka ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kupita ku China ikhoza kuyandikira mtengo wa jeketelo. Muwerengerenso msonkho wa pachipata. Ku South Africa zovala zochokera kunja zimalipira 45 peresenti, kuwonjezera VAT. Poyesa musachotse mapepala ake, musadzole perefyumu, ndipo lijambuleni pomwe mwalitsegula.

Kutentha kwa kwathu kuno lingavalike? Nanga kuchapa?

Jekete la veleveti la laining'i mu Okutobala ku Nsanje ndi chilango. Nyengo yake ndi Juni ndi Julayi, madzulo, kumalo ngati Dedza, Mzuzu kapena Johannesburg. Miyezi yotentha valani wesikoti yokha, kapena sokani jekete la thonje lopanda laining'i kumsana.

Musalichape m'beseni. Veleveti ndi ubweya zimafuna dry clean, ndipo mwa apo ndi apo. Mukavula, liyanikeni pamthunzi pamphepo, chifukwa dzuwa limasandutsa chakuda kukhala chofiirira, kuyambira m'mapewa. Veleveti sasita: simbi ikangogunda, ubweya wake umagona ndipo chipsera chowala sichichoka. Likoloweke m'bafa muli nthunzi ya madzi otentha, kenako lipeseni ndi burashi yofewa motsatira ubweya. Gwiritsani hang'ala yamtengo ya mapewa otakata, osati yawaya. Nyengo ya dzinja muzilitulutsa m'kabati kuti lisachite nkhungu, ndipo la ubweya wa nkhosa muliike m'thumba la nsalu lotseka chifukwa cha njenjete.